Laibulale ya m'tsinde mwa phiri

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likafika paliwombo, ndimatseka chitseko ndi mawindo onse a laibulale yathu, n'kuima pakati pa chipinda maso ali kudenga. Tilibe siling'i, ndiye malata amaoneka onse. Pomwe pali kabowo, dzuwa limadutsa n'kugwetsa kadontho kowala pasimenti. Ndimazunguliza kadonthoko ndi choko, kenako mnyamata wina wa m'dera lathu amakwera pamwamba ndi chitini cha phula, ine ndikumulozera ndili pansi. Ana obwera kudzawerenga amaseka. "Aphunzitsi, mukusaka nyenyezi masanasana?" Ndimangowasiya. Kabowo kolowetsa dzuwa mu Okutobala n'komweko kodzalowetsa madzi mu Januwale, ndipo kawirikawiri pansi pake pamapezeka shelefu ya mabuku a Fomu 4.

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Laibulale yomwe ndimayang'anira si yodabwitsa ayi: chipinda chimodzi, mabenchi, matebulo, kasola padenga. Mabuku ena anabwera kudzera ku National Library Service, ena anatipatsa anthu akufuna kwabwino. Tili kumunsi kwa tauni, mbali yomwe madzi ochoka m'phiri amadutsa akuthamangira ku Likangala. Mlendo akafika ku Zomba amayamba wagoma ndi phiri. Ife okhala m'tsinde mwake timadziwanso kuti mvula yonse yogwa pamwambapo iyenera kupeza njira yotsikira, kaya ndi mu Mulunguzi, kaya mu ngalande, kaya pakhomo pa munthu, isanakathere ku nyanja ya Chilwa.

Agogo anga ankasimba za Napolo wa mu Disembala 1946, pomwe mvula inagwa mosalekeza, phiri n'kugumuka, miyala ndi matope n'kutsika kudzakokolola milatho ndi kupha anthu m'tauni muno. Iwo ankati Napolo anali pa ulendo wochoka kuphiri kupita kunyanja, ndipo chilichonse chomwe chinali panjira yake anachitenga. Mu Malichi 1991 zoterezi zinachitikanso ku Phalombe, m'phiri la Michesi, anthu mazanamazana n'kutaya miyoyo, ndipo chaka chomwecho dziko lino linakhazikitsa lamulo loona za kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Za mapepala nazonso Zomba ali ndi mbiri yake yowawa. Mu 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma la atsamunda kuno, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wawo zinapsa. Ofufuza mbiri mpaka lero amadandaula za mpata umenewo. Tauni yomweyi ndiyo ikusunga National Archives, yomwe inayamba mu 1947, komanso laibulale ya ku Chanco, likulu la MANEB ndi ofesi yoona za kalembera ndi ziwerengero. Mapepala ofunika kwambiri a dziko lino ali pansi pa phiri la mvula yambiri chonchi. Kalaibulale kathu n'kakang'ono, koma mvula yake ndi yomweyo.

Kukonzekera kwathu n'kosasangalatsa kuonerera, ndipo palibe wothandiza ndi ndalama amene angafune kudzajambulitsa akuchita zimenezi. Kumata malata. Kufukula ngalande ya kuseri, yomwe chaka chilichonse imadzaza ndi majumbo, mabotolo ndi mchenga. Kudula nthambi ya mango yomwe yaweramira padenga. Mashelefu onse tinawakweza pa njerwa, ndipo thabwa la pansi penipeni timalisiya lopanda buku kuyambira Novembala mpaka Epulo. Tinawasunthanso pang'ono kuchoka kukhoma kuti mpweya uzidutsa kuseri, zomwe zimathandizanso kuona msanga njira za chiswe. Ataliatali tinawamangirira kumtanda wa denga ndi waya, pokumbukira kuti zivomerezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 zinachitika m'dziko momwe muno.

Koma chomwe tinakanganirana kwambiri mu komiti si malata kapena ngalande. Ndi funso ili: madzi atalowa usiku, muli ndi mphindi zochepa ndi manja awiri, mungayambe kunyamula chiyani?

A wapampando athu, bambo aulemu wawo, sanachedwe kuyankha. Analoza mabuku akuluakulu a zikuto zolimba, a zilembo zagolide kumsana, omwe anachokera kunja ndipo amakongoletsa shelefu ya kutsogolo. "Amenewa ndi odula kuposa onse muno," anatero. N'zoona, ndi odula. Koma ndinawafunsa kuti, bambo, atawonongeka amenewa, dziko latha nawo? Omwewo ali ku Chanco, ali ku Lilongwe, ali ku London, ndipo zambiri zolembedwamo mwana amazipeza pa foni. Kenako ndinatsegula kabati ya pakona n'kutulutsa makope akale a zikuto zothetheka, omangidwa ndi chingwe cha mlaza. Analemba ndi malemu mkulu wina wa m'mudzi wapafupi, yemwe anakhala zaka zambiri akulemba pamanja mbiri ya mabanja a kuno: anachokera kuti, anafika liti, anakwatirana ndi ayani, njala ya 1949 inawapeza bwanji. Ana ake anatisungitsa atamwalira. Pa dziko lonse lapansi makope amenewa alipo amodzi okhawa. Akanyowa n'kuvunda, palibe sitolo, palibe bungwe, palibe intaneti yomwe ingatibwezere.

Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mapeto ake tinagwirizana. Zoyamba kupulumutsa ndi zomwe sizipezeka kwina: makope a malemu aja, mabuku a mfundo za misonkhano ya chitukuko cha dera lino, nyuzipepala zakale za Boma Lathu zomwe mphunzitsi mnzanga anasonkhanitsa, ndi timabuku ta Chichewa ndi Chiyao tomwe tinasiya kalekale kusindikizidwa. Pamodzi ndi zimenezi pali kaundula wathu wa mabuku, chifukwa popanda iyeyo simungadziwe n'komwe chomwe mwataya, ndipo wofuna kukuthandizani akakufunsani kuti munali ndi chiyani mumangokanda m'mutu. Zachiwiri ndi mabuku a silabasi ndi mapepala a mayeso akale, poti mayeso sadikira kuti matope aume. Agolide aja ali kumapeto. A wapampando anavomera, ngakhale mpaka pano akalowa amayamba awasisita kaye.

Chilichonse cha m'gulu loyamba chili ndi kadontho ka penti wofiira kumsana, ndipo zonse zili pa shelefu imodzi, m'mwamba, pafupi ndi chitseko. Pambali pake pamakhala ndowa za pulasitiki za zivundikiro zothina, zija amayi amasungiramo ufa. Munthu yemwe sanalowemo n'kale lonse, atangopatsidwa tochi, akhoza kuzitola zonse osafunsa. Makiyi ali ndi anthu atatu, ndipo tinaonetsetsa kuti asakhale onse tsidya limodzi la mtsinje, chifukwa mlatho ukamira, kiyi wa kutsidya ndi wopanda ntchito. Pamwamba pa pepala la ndondomekoyi, lomwe linamatidwa kuseri kwa chitseko, ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti palibe wololedwa kuwoloka madzi othamanga kapena kulowa m'nyumba yong'aluka chifukwa cha buku, ngakhale la kadontho kofiira.

Namondwe wa Freddy sanabwere mozemba. Anayambira kufupi ndi Australia, n'kukhala paulendo kupitirira mwezi wathunthu: kuwoloka nyanja, kugunda Madagascar, kugunda Mozambique, kubwerera kunyanja, n'kudzatulukiranso cha ku Quelimane pa 11 Malichi 2023. A zanyengo anali akuchenjeza pa wailesi masiku angapo zisanachitike. Titamva kuti walunjika kuno, tinalongedza za madontho ofiira m'ndowa muja n'kukazisiya kwa mayi wina wa mu komiti, yemwe nyumba yake ili pokwera koma patali ndi therezi la phiri. Mashelefu otsala tinawafunditsa mapepala akuda a pulasitiki. Kenako aliyense anapita kukasamala banja lake.

Zomwe zinatsatira aliyense wa kuchigawo cha kummwera akuzidziwa. Ku Chilobwe m'tsinde mwa Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje, ku Phalombe, mapiri anatsika ndi anthu ali m'nyumba. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa, mazana enanso sanapezeke, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Pamaso pa zimenezi, nkhani ya mabuku onyowa ndi yaing'ono, ndipo ndikuinena ndikudziwa kukula kwake.

Mvula itapepuka tinatsegula. Denga linali litagwira. Madzi anadzera kwina: mphepo inkawomba mvula cham'mbali kudzera m'timabowo ta mpweya ta pamwamba pa mawindo, ndipo khoma la mbali ya kuphiri linamwa madzi mpaka kumachucha thukuta mkati. Pansi panali madzi ofika m'kakolo, amatope. Njerwa zija zinagwira ntchito yake. Komabe mabuku a mbali ya khomalo anali atafufuma, ena atanyowa theka, ndipo m'chipinda monse munkamveka kafungo kaja ka chinyontho.

Buku likanyowa m'nyengo yofunda, muli ndi masiku awiri, mwina atatu, chuku chisanayambe. Chikangoyamba chimafalikira ngakhale ku mabuku omwe sananyowe, chimadya pepala, chimasiya mathothomathotho osachoka, ndipo chimadwalitsa chifuwa. Malangizo a akatswiri a kunja onse amanena chimodzi: ngati mabuku ndi ambiri, aikeni mu filiji aume gwa ndi kuzizira, chuku chiima, ndiye muziwatulutsa pang'onopang'ono n'kumaumitsa. Nzeru zambiri za kasamalidwe ka mabuku onyowa zinakula pambuyo pa 4 Novembala 1966, pomwe mtsinje wa Arno unasefukira mumzinda wa Florence ku Italy n'kumiza m'matope mabuku ndi zolemba zoposa miliyoni imodzi za mu laibulale yaikulu ya dzikolo. Achinyamata anachokera m'mayiko osiyanasiyana kudzapatsirana mabukuwo pamzere, dzanja ndi dzanja. Pafupi ndi kwathu kuno, mu Epulo 2021, moto wolusa wochokera m'phiri unatentha Jagger Library ya pa yunivesite ya Cape Town. Zomwe zinali m'zipinda za pansi zinapulumuka kumoto koma zinanyowa ndi madzi ozimitsira, ndipo anthu odzipereka anazitulutsa m'makireti, zonyowa kwambiri n'kuziika m'makontena oziziritsa.

Ndinawerenga zonsezi, ndipo ndi nzeru zabwino. Koma filiji imafuna magetsi. Siteshoni ya Kapichira inali isanayambirenso kugwira ntchito chiwonongekere ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ndipo m'masiku a Freddy makina a ku Nkula ndi Tedzani anawazimitsa chifukwa cha zinyalala zomwe Shire ananyamula. Ndipo ngakhale magetsi akanakhalapo, ndani akanatulutsa nkhuku zake zogulitsa mu filiji kuti alowetsemo buku la Jogalafe? Choncho ife tinatsala ndi mphepo, manja ndi nthawi yochepayo.

Tinayamba n'kusankha. Omwe anagwera m'madzi a pansi aja tinawataya, mtima ukuwawa. Zimbudzi za m'dera zinali zitasefukira, ndipo dziko linali lidakali pakati pa mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Buku lomwe lamwa madzi otere simungalipatse mwana woti azinyambita chala potsegula tsamba. Pansi tinakolopa ndi kolorini. Otsala tinawagawa: achinyontho chabe uku, onyowa ndithu uko.

Lachinyontho ndi losavuta. Mumaliimika patebulo, n'kulitsegula pang'ono kuti masamba atakasuke, mpweya uzidutsa pakati. Pakapita maola angapo mumalitembenuza, mutu pansi, kuti lisapindikire mbali imodzi. Mawindo ndi chitseko zonse pululu. Lonyowa ndithu lokha limafuna kuleza mtima. Pepala lonyowa silichedwa kung'ambika, ndiye simulikoka tsamba ndi tsamba. Mumaligoneka, n'kutsegula malo amodzi, kulowetsa pepala loyera louma, kudumpha masamba makumi awiri kapena kuposerapo, kulowetsanso lina. Mukachulutsa, buku limatupa msana n'kuthyoka. Mapepala aja akamwa madzi mumawachotsa n'kuika ena, pamalo ena. Nyuzipepala yosindikiza imasiya inki, ndiye ife tinagwiritsa ntchito mapepala a fulipitchati osalembapo ndi zidutswa za zitenje zakale zomwe zinachapidwachapidwa mpaka kusiya kusuluka. Ovuta kwambiri ndi a masamba osalala onyezimira, ngati mabuku a zithunzi a ana ndi ena a Sayansi. Amenewa akauma masamba atagundana amamatana kotheratu, buku lonse n'kusanduka njerwa. Muyenera kuwalekanitsa adakali onyowa, tsamba lililonse palokha, ndipo ndi amene anatidyera nthawi.

Mnyamata wina, pofuna kuthandiza, anatola mulu n'kukauyanika panja dzuwa litangoti ng'aa. Ndinamuthamangira. Dzuwa limaumitsa chikuto msanga mkati mudakali monyowa, buku n'kupindika osadzawongokanso. Pafupi ndi mbaula n'chimodzimodzi. Mthunzi ndi mphepo basi. Buku likatsala pang'ono kuuma, pomwe mukaligwira likumveka kuzizira koma osati kunyowa, mumalitseka, kuliika pakati pa matabwa awiri, pamwamba n'kusanjikiza njerwa. Matope a pachikuto osawapukuta ali aawisi, mumangowalowetsa mkati mwa pepala. Muwasiye aume, mudzawachotse ndi kaburashi kofewa. Angapo anachitabe chuku. Amenewo tinawatulutsa panja, kutali ndi anzawo, n'kumawasesa atauma, nsalu ili pamphuno.

Anthu odutsa ankaona mabuku ali ndandanda pamatebulo ndi pakhonde, ndipo mbiri inawanda kuti ku laibulale akuumitsa mapepala. Apa mpamene ntchito inasintha. Anthu anayamba kubwera, osati kudzabwereka mabuku, koma atanyamula majumbo.

Woyamba anali mayi wina, mlembi wa banki m'khonde ya kwawo. Khoma la nyumba yake linagwera pa bokosi la gulu. Ndalama anazipulumutsa, koma buku lalikulu ndi timabuku ta mamembala zinali chinthu chimodzi chonyowa, chamatope. Anakhala pabenchi jumbo ili pamiyendo.

"Aphunzitsi, anthu andidya wamoyo. Aliyense akuti anali ndi masheya ambiri kuposa omwe ndikukumbuka."

"Musatsegule, mayi. Bweretsani kuno momwe zililimo."

Tinatsuka kunja kwake ndi madzi oyera buku lili chitsekere, n'kuyamba kulekanitsa masamba ndi kampeni kopyapyala ka patebulo, pang'onopang'ono, kuyambira pakona. M'timabuku ta mamembala, zidindo za masheya zinali zitasungunuka, tsamba lonse lili buluu, osawerengeka. Inki ya chidindo siipirira madzi. Koma buku lalikulu mayiyu ankalemba ndi bolopeni wamba, ndipo manambala ake anali bwinobwino, ngakhale pepala linali lofiirira ndi dothi. Pomwe analemba ndi pensulo mpomwe panali pooneka bwino koposa. Pofika tsiku lotsatira tinali titayala masamba onse, iye akuwerenga mokweza, mnzake wa m'gulu akukopera m'kope latsopano, mamembala awiri atakhala pomwepo ngati mboni. Ponyamuka anandiuza kuti, "Kuyambira lero chidindo chizipita limodzi ndi bolopeni." Ineyo kaundula wathu wa laibulale ndinayamba kale kumulemba ndi pensulo ndi bolopeni basi, zolembera za inki yamadzi zija ndinaziletsa.

Atatha iyeyo anabwera ena. Mabuku a kuchipatala, makadi a kusikelo a ana, makalata a malo osainidwa ndi amfumu, ziphaso za ubatizo, zithunzi za ukwati. Zithunzi mumaziviika m'madzi oyera kuti zilekane zokha, osakhudza kumaso kwake, n'kuziyala chagada. Chiphaso cha unzika, poti ndi cha pulasitiki, chinkatuluka m'matope chili chonyezimira, pomwe setifiketi ya MSCE yomwe munthu anaivutikira zaka zinayi ili yofewa, yoti ungaiboole ndi chala. Bambo wina anabwera nayo yake itang'ambika pakati. Tinaiumitsa pakati pa nsalu ziwiri, ndipo ndinamuletsa kuimata ndi selotepi, chifukwa guluu wake amadzasanduka wachikasu n'kudya zilembo. Ndinamulangiza kuti apite nayo momwemo ku MANEB akafunse za umboni wa zotsatira zake. Mwayi wake ngwoti ofesiyo ili konkuno. Wa ku Nsanje akanayamba wasaka ya basi.

Ana a Fomu 4 ndi Sitandade 8 anali ndi vuto lawolawo. Sukulu zinatsekedwa m'maboma okhudzidwa, makalasi ambiri anasanduka misasa, ndipo ena mwa anawo makope awo a notsi za zaka ziwiri anapita ndi madzi. Mwana wa kuno amene alibe buku lakelake, notsi ndiye chuma chake chonse. Tinakonza zoti amene makope awo anapulumuka aziwabweretsa m'mawa, anzawo azikopera pomwepo, madzulo mwini wake azitenga. Palibe kope lomwe linkagona kunja. Chipinda chinkadzaza mpaka ena kukhala pansi pakhonde, pakati pa mabuku oyanikidwa, kuli zii, kumangomveka mapepala.

Kasola kathu nakonso kanatchuka. Mafoni ankafola pamzere kudikira kutchaja, ndipo eni ake podikirapo ankauzana zomwe amva. Zambiri zinali mphekesera za pa WhatsApp: mlatho wakuti wagwa, phiri lang'aluka pakuti, namondwe wina akubwera mawa. Ndinatulutsa bolodi n'kuliimika pakhomo. Ndinkalembapo zokhazo zomwe ndamva ndekha pa wailesi, kaya MBC, Zodiak, YONECO FM kapena ya Chanco, kapena zomwe a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi a zanyengo alengeza, ndipo pambali pa uthenga uliwonse ndinkalemba gwero lake ndi nthawi. Wina akabwera ndi nkhani yotentha ndinkamufunsa kuti wanena ndani. Akati "akutero anthu", siinkakwera pabolodi. Ku America, namondwe wa Katrina atamiza New Orleans mu 2005, anthu othawa ankafola m'malaibulale a m'mizinda yomwe anafikira kuti agwiritse ntchito makompyuta polembetsa thandizo la boma ndi kusaka abale awo. Ife kompyuta yoti anthu afolere tilibe. Tili ndi choko, koma njala ya uthenga woona ndi yomweyo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandinyansa, ndipo ndinachinena pamsonkhano wa komiti ya m'dera yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, komwe ndinachita kudziitana ndekha. Akamalemba zowonongeka amawerenga nyumba, minda, ziweto, mijigo, milatho. N'zoyenera. Koma pa fomu yomwe ndinaona panalibe mzere wa mabuku kapena mapepala a anthu. Pa sukulu ina yomwe inali msasa, mabuku a m'kalasi anatsala m'makabati osakhoma, ndipo ena anathera kukolezera moto. Sindikuwadzudzula anthuwo. Mayi amene ali ndi ana onyowa, nkhuni zili zonyowa, usiku kukuzizira, ayatsa chomwe chili pafupi, ndipo inenso ndikanayatsa. Cholakwika n'choti panalibe amene anapatsidwa udindo wosonkhanitsa mabukuwo n'kuwatsekera m'chipinda chimodzi anthu asanalowe, ntchito ya ola limodzi. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la za ngozizi, lomwe likutsindika kukonzekera m'malo mongodikira kugawa ufa zitachitika. Ngati kukonzekerako kukufika m'midzi, woyang'anira laibulale ndi mphunzitsi wosunga mabuku ayenera kukhala nawo pa mkeka womwewo. Anandilola kuti ndizikhala nawo, ngakhale ena ankaoneka kuti akudabwa chomwe mkulu wa mabuku akufuna pa nkhani ya madzi.

Chiyambire nthawi imeneyo, Loweruka lina lililonse mvula isanayambe timaitana anthu kuti abwere ndi mapepala awo ofunika. Timawajambula ndi foni ya mwini wake, pamalo owala, tsamba lili lathyathyathya, n'kumuthandiza kutumiza zithunzizo kwa m'bale wake wodalirika wokhala dera lina, chifukwa foni nayo imamira. Ife sitisunga chithunzi cha munthu aliyense. Buku la kuchipatala lili ndi zinsinsi zomwe ngakhale mkazi kapena mwamuna wa munthuyo mwina sazidziwa, ndipo laibulale ikangodziwika kuti imaulula za anthu, yatha. Pepala lenilenilo timaliika mu jumbo ziwiri, n'kumuuza mwini wake kuti alisunge m'ndowa yotseka, pamwamba, osati pansi pa matiresi pomwe Amalawi tonse timaika.

Madzi akatha timayamba kuopa moto. Mu Seputembala ndi Okutobala phiri limayaka usiku, mizere yofiira ikuyenda m'mapaini, kaya ayatsa ndi osaka mbewa kaya ndi ootcha makala. Zomwe zinachitika ku Cape Town, laibulale ya m'tsinde mwa phiri kupsa ndi moto wotsika kumtunda, si nkhani yachilendo kwa munthu wa ku Zomba. Ndipo tonse tikukumbuka Disembala 2015, pomwe laibulale ya pa yunivesite ya Mzuzu inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000. Buku lonyowa mukhoza kulimbana nalo, phulusa ayi. Ndiye timalambula udzu kuzungulira nyumba, timasunga ndowa za mchenga pakhomo, ndipo mawaya a sola anabwera kudzawaona ndi munthu wodziwa, osati mphwanga amene "amadziwako pang'ono".

Makope a malemu aja anabwerera ali ouma. Koma kuwanyamula m'ndowa nyengo iliyonse ya mvula si nzeru yokhalitsa, ndipo pepala lake layamba kuthetheka m'mbali. Mtsikana wina amene anamaliza Fomu 4 wakhala akuwataipa pa laputopu yobwereka, ine ndikumuwerengera pomwe dzanja la mkuluyo lavuta. Maganizo anga ngoti tikamaliza tisindikize makope angapo: lina likhale kuno, lina kwa amfumu, lina tikapereke ku National Archives, komwe lamulo limati buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno lizikasiyidwako. Chatiimitsa n'chakuti m'kope lachitatu mkuluyo analembamo za malire a minda pakati pa mabanja awiri, ndipo zomwe analembazo sizikugwirizana ndi momwe minda ilili lero. Ana ake agawanika: wamkulu akuti tisindikize zonse momwe bambo awo analembera, wamng'ono akuti masamba amenewo achotsedwe. Nkhaniyi aitumiza kwa amalume awo ku Jali, ndipo akuti adzatiyankha akakolola.